Jamón wa masiku onse: kusankha wabwino m'supamaketi pa mtengo wosaboola m'thumba

Mayi wina walemba kuchokera ku Spain za jamón, nyama ya nkhumba youmika ndi mchere, motere: "Ine ndi banja langa tinasamukira ku Zaragoza chaka chatha chifukwa cha ntchito ya bambo a kunyumba. Ana athu awiri azolowera kutenga buledi woikamo jamón kusukulu monga amachitira anzawo, ndipo bambo awonso amamukonda. Vuto langa ndi lakuti ndikafika m'supamaketi mutu umaima, chifukwa mapaketi ooneka ofanana amasiyana mtengo katatu kapena kanayi. Ndinagulapo wotchipa kwambiri, koma anali wowawa mchere, wovuta kutafuna ndiponso wa fungo la nyama yaiwisi. Mnzanga wa kuntchito akuti jamón weniweni ndi ibérico basi, koma ndalama zathu sizingalole kumugula sabata iliyonse. Kodi ndizisankha bwanji? Kodi kugula mwendo wathunthu monga ndinaonera pa Khirisimasi kungatipulumutsire ndalama? Nanga nyama yosaphikayi sitidwala nayo? Ndikufunanso kudzatengerako mayi anga ku Blantyre ndikamapita kutchuthi."

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima ukhale m'malo, pakuti chisokonezo chimene mukuchinenachi chimagwira ngakhale eni dziko amene anakulira pa nyamayi. Ndagwira ntchito yogula ndi kudula nyama youmika ndi mchere kwa zaka zambiri, poyamba m'makhitchini a mahotela, kenako pa kauntala ya sitolo, ndipo ndinganene mosakayika kuti mnzanu wakuuzani mbali imodzi yokha. Ibérico, amene ndi jamón wa nkhumba zakuda za kumeneko, akakhala wabwino ndi wokoma zedi, koma m'nyumba zambiri za ku Spain jamón amene amalowa m'buledi wa ana m'mawa ndi wa nkhumba zoyera, amene amatchedwa serrano, pamene ibérico amasungidwira maphwando ndi alendo. Zimene muyenera kuphunzira ndi kuwerenga mawu ochepa olembedwa pa paketi, makamaka amene amanena miyezi imene mwendo unakhala ukuuma, chifukwa pamenepo ndi pamene pagona kusiyana kwa jamón wokoma ndi uja anakukhumudwitsani.

Ndiyambe ndi kapangidwe kake, popeza ndiko kumafotokoza mtengo. Jamón ndi mwendo wakumbuyo wa nkhumba umene amaukwirira mu mchere kwa masiku ochepa, kawirikawiri tsiku limodzi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake. Akautsuka amaugoneka m'chipinda chozizira kwa milungu ingapo kuti mchere ulowerere mpaka pa fupa, kenako amaupachika pa malo opita mphepo kuti uume pang'onopang'ono, ndipo pomaliza umakhwimira m'chipinda chamdima chimene eni ake amati bodega. Sauphika ndiponso sauwamba pa moto monga timachitira ndi nsomba kwathu, koma mchere, mphepo ndi nthawi ndizo zimagwira ntchito yonse. M'miyezi imeneyi mwendo umataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, nyama imasanduka yofiira moderako, mafuta amafewa, ndipo kukoma kumazama mpaka mchere sumvekanso wokha pa lilime. Wopanga akafupikitsa miyeziyi amagulitsa madzi ambiri pa mtengo wa nyama ndipo ndalama yake imabwerera msanga, choncho amatha kutsitsa mtengo, koma wogula amalandira nyama yonyowa, yomatirira m'mano, imene mchere wake uli pamwamba ndipo fungo lake likadali la nyama yaiwisi. Ndikukhulupirira kuti paketi imene munagula ija inali ya mtundu umenewu.

Mwayi wake ndi wakuti malamulo a dzikolo amathandiza wogula. Lamulo la 2014 lokhudza zakudya zopangidwa kuchokera ku nyama linaika tanthauzo pa mawu atatu amene mudzawaone kawirikawiri. Mwendo wolembedwa kuti bodega uyenera kukhala utauma miyezi yosachepera 9, wolembedwa kuti reserva miyezi yosachepera 12, ndipo wolembedwa kuti gran reserva miyezi yosachepera 15. Dzina lakuti jamón serrano nalonso ndi lotetezedwa m'mayiko a European Union, ndipo limafuna masiku osachepera 210, amene ndi pafupifupi miyezi 7. Paketi imene yangolembedwa kuti jamón curado popanda kutchula miyezi kapena limodzi mwa mawu atatuwa ndi yofunika kuikayikira, ngakhale kuti pali opanga ena abwino amene amagwiritsa ntchito dzinali nalemba miyezi pambali pake. Kwa banja lofuna jamón wa m'buledi wa kusukulu, ine ndimalangiza reserva. Kuchoka pa miyezi 7 kufika pa miyezi 12 kukoma kumasintha kwambiri moti ngakhale mwana amazindikira, pamene mtengo sumakwera mofanana ndi kusinthako. Gran reserva ndi wabwino koposa, ndipo akakhala pa mtengo wotsitsidwa musamusiye, koma akakhala pakati pa buledi pamodzi ndi tomato ndi mafuta a azitona, zambiri zimene mwalipirira zimabisika.

Popeza muli ku Zaragoza, muli pafupi ndi chinthu chimene anthu a m'madera ena amachisirira. Chigawo chanu cha Aragón ndicho kwawo kwa Jamón de Teruel, amene dzina lake linatetezedwa ndi boma kuyambira 1984. Nkhumba zake zimabadwira, kukulira ndi kuphedwera m'dera la Teruel, miyendo imaumira pa malo okwera kuposa mamita 800 kwa miyezi yosachepera 14, ndipo pa chikopa cha mwendo amadindapo nyenyezi ya nsonga 8 ndi dzina lakuti Teruel. Bambo wa nkhumbazi amakhala wa mtundu wa Duroc, umene umaika timizere ta mafuta m'kati mwa mnofu, n'chifukwa chake nyama yake imakhala yofewa ndi yosawawa mchere. Mtengo wake umaposa wa serrano wamba koma umatsikira kutali ibérico, ndipo m'masitolo a kwanuko amapezeka mosavuta. Kumwera kwa Spain kuli ena awiri otetezedwanso, wa ku Trevélez m'mapiri a Granada ndi wa ku Serón m'dera la Almería. Mudzaonanso mapaketi ambiri olembedwa kuti Duroc okha. Amenewa si ibérico, ngakhale paketi itakhala yakuda ndi zilembo zagolide, koma nthawi zambiri amakhala okoma bwino pa mtengo wake chifukwa cha mafuta a m'kati aja.

Tsopano za ibérico, kuti mukathe kumuyankha mnzanu. Nkhumba ya ibérico ndi mtundu wakale wa ku Spain ndi Portugal, wa khungu lakuda ndi miyendo yowonda, umene umakula mochedwa. Lamulo lina la 2014 linagawa miyendo yake m'magulu anayi, ndipo gulu lililonse lili ndi kachingwe ka pulasitiki ka mtundu wakewake komangidwa pamwamba pa chiboda. Kakuda ndi ka nkhumba ya ibérico yosasakaniza imene inanenepera kutchire ndi zipatso za mitengo ya encina ndi alcornoque, zipatso zimene amazitcha bellota, ndipo gulu limeneli lokha ndilo lololedwa kutchedwa pata negra. Kofiira ndi ka nkhumba yodya bellota koma yosakaniza ndi Duroc. Kobiriwira ndi ka cebo de campo, nkhumba yoyendayenda panja imene imadya udzu ndi chakudya chopatsidwa, ndipo koyera ndi ka cebo, nkhumba yoleredwa m'khola ndi chakudya cha mbewu. Nkhumba ya bellota iyenera kukhala kutchire masiku osachepera 60 m'nyengo ya zipatsozi, imene imayamba mu Okutobala, ndi kunenepa makilogalamu osachepera 46 pa nthawiyo, ndipo mwendo wa ibérico wolemera makilogalamu 7 kapena kuposerapo uyenera kuuma masiku osachepera 730. Mukaganizira malo, zaka ndi ntchito imeneyi mudzamvetsa chifukwa chake mayina otetezedwa a ibérico monga Jabugo, Guijuelo, Los Pedroches ndi Dehesa de Extremadura ali pa mitengo imene mumaiona.

Ibérico amene mungamupeze pa mtengo wofikirika m'supamaketi pafupifupi nthawi zonse ndi cebo wa theka ibérico ndi theka Duroc, ndipo paketi iyenera kunena zimenezi poyera, pamodzi ndi dzina la bungwe limene linatsimikizira. Si nyama yoipa, ndipo ali ndi kukoma kwa mafuta kumene serrano alibe. Koma maganizo anga, amene ndawafikira nditalawa miyendo yambiri, ndi akuti serrano wokhwima bwino wa miyezi 15 amaposa ibérico wa pansi penipeni wodulidwa ndi makina n'kukhalitsa m'paketi, ndipo ndalama yotsalayo mukhoza kugulira magalamu 100 a ibérico wabwino pa tsiku lobadwa la mwana, banja lonse n'kumva chimene anthu amachitamandira. Muchenjerenso ndi paketi yolembedwa paleta m'tizilembo tating'ono. Paleta ndi mwendo wakutsogolo, umene ndi waung'ono, umauma msanga ndipo umatchipa. Ndi wokoma, ena amaukonda kuposa wakumbuyo chifukwa kukoma kwake ndi kwamphamvu, koma muziugula mukudziwa kuti ndi paleta, ndiponso kuti pa iwo mawu aja amatanthauza miyezi yocheperako: bodega 5, reserva 7, gran reserva 9.

Mukanyamula paketi, itembenuzeni muwerenge zimene aikamo. Jamón wosavuta amakhala ndi nyama ya nkhumba ndi mchere basi, ndipo oterewa akuchulukirachulukira m'masitolo. Ambiri amaonjezera shuga pang'ono ndi mankhwala otetezera olembedwa E-250 ndi E-252, nthawi zina ndi E-301, amene amaletsa tizilombo toopsa ndi kusunga kufiira kwa nyama. Amenewa ndi ololedwa ndi malamulo, ndipo kupezeka kwawo sikutanthauza kuti jamón ndi wachabechabe, koma pa mapaketi awiri a miyezi yofanana ndi mtengo woyandikana ine ndimatenga ya mndandanda waufupi. Kenako yang'anani nyama yeniyeniyo kudzera m'pulasitiki. Mukufuna yofiira moderako pang'ono, yokhala ndi mphepete ya mafuta oyera kapena otuwirako, ndi timizere ta mafuta m'kati. Yofiirira motumbuluka ndi yonyezimira ngati yonyowa sinakhwime, ndipo ya mafuta achikasu kwambiri kapena m'mphepete mouma mwakuda yakhalitsa. Anthu ambiri amasankha paketi yopanda mafuta poganiza kuti apindula, koma mafutawo ndiwo amafewetsa mchere ndi kunyamula fungo, choncho jamón wopanda mafuta amamveka wowawa ndi wolimba. Timadontho toyera tolimba ngati choko timene timaoneka mu mnofu tisakuopseni, pakuti timapangika tokha nyama ikamauma pang'onopang'ono, ndipo timadyeka.

Pa nkhani ya mtengo, musayang'ane nambala yaikulu ya pa paketi koma yaing'ono ya pa shelefu imene imanena mtengo wa kilogalamu imodzi, imene malamulo amakakamiza sitolo kuilemba. Tiyerekeze kuti paketi ya magalamu 80 ili pa ma euro 2 ndipo ina ya magalamu 200 ili pa ma euro 4. Yoyambayo imaoneka yotchipa, koma kilogalamu yake ndi ma euro 25 pamene ya yachiwiriyo ndi ma euro 20. Mapaketi a dzina la sitolo yeniyeniyo, monga amene mumawapeza ku Mercadona, Carrefour, Lidl, Alcampo kapena Eroski, amapangidwa ndi makampani a nyama amene dzina kapena nambala yawo imalembedwa kumbuyo, ndipo kawirikawiri amatchipa poyerekeza ndi mayina otchuka pa miyezi yofanana. Sindingakuuzeni kuti sitolo yakuti ndiyo yopambana, chifukwa masitolo amasintha owagulitsa ndipo ngakhale miyendo iwiri ya nkhumba imodzi simakoma chimodzimodzi. Chimene chimathandiza ndi kugula timapaketi tiwiri kapena titatu ta reserva tosiyana pa tsiku limodzi, kutitsegula pamodzi, ndi kulola banja kulawa popanda kuona dzina. Ana sanama pa chakudya, ndipo mukatero kamodzi mudzadziwa chogula kwa miyezi ingapo.

Ngati sitolo yanu ili ndi kauntala yodulira nyama, kapena ngati mungapite ku msika monga Mercado Central ya mumzinda wanuwo, kumeneko ndiko ndimakondera. Jamón wodulidwa pomwepo amakhala ndi fungo limene wa m'paketi wataya, mumagula mlingo umene mukufuna, ndipo wodulayo mukamupempha mwaulemu amakulawitsani kachidutswa. Muuzeni kuti mukufuna wa m'buledi wa ana, wodulidwa mopyapyala, chifukwa jamón wodulidwa mokhuthala amavuta kutafuna ndipo amamveka mchere wambiri ngakhale atakhala wabwino. Ndi bwinonso kudziwa kuti mwendo uli ndi mbali zosiyana. Mbali yonenepa imene amati maza ndi yofewa ndi ya mafuta, mbali yopyapyala imene amati babilla ndi youma ndi yopanda mafuta ambiri, ndipo ya kufupi ndi chiboda ili ndi mitsempha, choncho imayenera kuphikira. Pa zophika musawononge ndalama pa magawo okongola. Funsani tizidutswa ta makona timene amati taquitos, kapena zotsalira za podula, zimene zimatchipa ndipo zimakometsa mazira okazinga, nsawawa, zitheba ndi mphodza. Fupa lake, limene amagulitsa lodulidula pa mtengo wochepa kwambiri, mukaliponya mu mphika wa nyemba limatulutsa msuzi wokoma moti simufunanso nyama ina, koma musathire mchere musanalawe.

Za mwendo wathunthu, ndikupemphani muyambe mwawerengera. Pa mwendo wa fupa, nyama yodyeka imakhala pafupifupi theka la kulemera kwake, chifukwa chotsalacho ndi fupa, chikopa ndi mafuta akunja amene amatayidwa, ndipo pa paleta imachepera pamenepo. Choncho mwendo wa makilogalamu 7 wogulidwa pa ma euro 70 sukupatsani nyama ya ma euro 10 pa kilogalamu monga zikuonekera, koma ya pafupifupi ma euro 20, ndipo apo ndiye kuti wodulayo ndi waluso. Mufunikanso chogwirira mwendo chimene amati jamonero, mpeni wautali wopyapyala ndi wakuthwa, ndi kuleza mtima, pakuti ndaona anthu ambiri akudzicheka dzanja lamanzere chifukwa choliika kutsogolo kwa mpeni. Mwendo ukatsegulidwa umayamba kuuma, ndipo umafunika kutha m'mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono. Banja la anthu anayi limene likudya mwanzeru silingamalize makilogalamu atatu ndi theka pa nthawi imeneyo, ndipo likayesa kutero lidzadya mchere wopitirira muyeso. Pa Khirisimasi, alendo akamabwera motsatizana, mwendo kapena paleta ndi wosangalatsa ndiponso wopindulitsa, koma pa miyezi wamba sindikulangizani. Njira ya pakati ndi kugula mwendo pa nthawi imene mitengo yatsika n'kupempha sitolo kuti iudule ndi kuutsekera m'timapaketi topanda mpweya, ntchito imene ambiri amachita pa kamtengo kena.

Mukaganiza zogula mwendo, fufuzani pa chikopa chidindo cholembedwa MAPA chokhala ndi manambala osonyeza sabata ndi chaka chimene mwendowo unalowa mu mchere, kuti muwerengere nokha miyezi. Dinikizani mafuta ndi chala, ndipo pa mwendo wabwino chala chimalowa pang'ono, pamene mnofu uyenera kukhala wolimba ponseponse. Ndimakumbukira chaka china pamene ndinalandira miyendo ingapo yotchipa kuchokera kwa wogulitsa wina, yooneka bwino kunja, koma titafika pafupi ndi fupa tinapeza nyama yofewa ngati phala ndi fungo loipa, chifukwa kunja kunauma msanga n'kutsekera chinyezi m'kati. Akatswiri amapewa zimenezi pobaya mwendo ndi kafupa kosongoka kamene amati cala n'kukanunkhiza. Inu simungachite zimenezo m'sitolo, choncho sungani lisiti, ndipo mukapeza fungo lowola kapena nyama yotuwa pafupi ndi fupa, musadye, bwezani. Chuku choyera cha kunja kwa chikopa si vuto, chimapukutidwa ndi kansalu konyowetsedwa ndi mafuta ophikira, koma chuku pa magawo odulidwa a m'paketi ndi chizindikiro chakuti paketiyo itayidwe.

Kasungidwe ndi kadyedwe nakonso kamasintha kukoma kuposa mmene anthu amaganizira. Paketi isungidwe m'firiji, koma jamón wozizira amakhala wolimba ndi wosanunkhira, choncho muzimutulutsa theka la ola musanadye kuti mafuta afewe ndi kuyamba kuonekera ngati galasi. Mukafulumira, ikani paketi yosatsegula m'madzi ofunda kwa kanthawi kochepa, ndipo magawo adzalekana osang'ambika. Mukatsegula, kulungani zotsala mothina kuti mpweya usalowe ndipo mumalize m'masiku awiri kapena atatu. Ichi ndi chifukwa china chimene paketi yaikulu yotchipa nthawi zina imadula, pakuti theka lake limauma n'kutayidwa. Mwendo wathunthu sulowa m'firiji, umakhala pa malo ouma opanda dzuwa, ndipo pamene mwadulapo mumaphimbapo ndi kansalu koyera.

Funso lanu la thanzi ndi lofunika kwambiri, ndipo ndiliyankhe mosabisa. Kwa munthu wamkulu kapena mwana wa msinkhu wa sukulu amene ali bwinobwino, jamón wa m'sitolo yovomerezeka ndi wotetezeka kudya osaphika, chifukwa mchere ndi kuuma zimalepheretsa tizilombo kuswana. Nkhawa yanga ili pa mawu akuti masiku onse. Jamón amakhala ndi mchere wa pafupifupi magalamu 5 pa magalamu 100 alionse, ndipo nambala yeniyeni imalembedwa pa paketi pafupi ndi liwu lakuti sal. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndipo ana amafunika wocheperapo. Ndiye kuti buledi woikamo magalamu 50 a jamón watha kale theka la mchere wa munthu wamkulu, osawerengera wa m'buledimo ndi wa m'ndiwo za madzulo. Kuonjezera apo, mu 2015 nthambi ya bungweli yofufuza za khansa inaika nyama zonse zoumika, zothira mchere kapena zowamba m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa, makamaka ya m'matumbo, ndipo inati kudya magalamu 50 tsiku lililonse kumakweza chiopsezocho ndi pafupifupi 18 pa 100 alionse poyerekeza ndi amene sadya. Izi sizikutanthauza kuti kagawo kamodzi kakudwalitsani, koma kuti chizolowezi cha tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri chili ndi mtengo wake. Kwa ana anu ndinganene kuti jamón alowe m'buledi kawiri kapena katatu pa sabata, magawo awiri kapena atatu opyapyala, ndipo masiku ena muikemo dzira, tchizi, nsomba kapena nkhuku yophika kunyumba. Apanso jamón wokhwima bwino amakuthandizani, chifukwa kukoma kwake n'kokwanira moti pang'ono pokha pamakhutiritsa. Mapaketi olembedwa reducido en sal ayenera kukhala ndi mchere wochepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena kuposerapo poyerekeza ndi wamba, koma akadali amchere.

Pali anthu amene ayenera kufunsa achipatala asanazolowere nyamayi. Ngati inu kapena bambo a kunyumba muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima kapena a impso, kambiranani ndi dokotala wanu za mlingo woyenera. Mayi woyembekezera asamale koposa, chifukwa nyama yosaphika ikhoza kukhala ndi kachilombo koyambitsa toxoplasmosis, kamene kangavulaze mwana ali m'mimba, ndipo nyama yodulidwa pa makina ikhozanso kutenga kachilombo ka listeria. Kumeneko mudzamva anthu akunena kuti jamón wa miyezi yambiri alibe vuto kwa woyembekezera, koma chisankho chimenechi chipangidwe ndi mzamba kapena dokotala amene akudziwa zotsatira za magazi a mayiyo, ndipo njira yosakayikitsa ndi kumudya ataphikidwa mpaka kutentha bwinobwino. Chimodzimodzinso munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, kaya chifukwa cha matenda kapena mankhwala. Wina akatsegula m'mimba, kusanza kapena kutentha thupi atadya nyama yokayikitsa, ndipo zizindikirozo zikapitirira tsiku limodzi kapena zikagwira mwana wamng'ono, munthu wokalamba kapena woyembekezera, pitani kuchipatala mwachangu ndipo mutenge paketiyo. Mukadzalandira alendo amene sadya nkhumba chifukwa cha chipembedzo, dziwani kuti kuli cecina de León, nyama ya ng'ombe youmika ndi kuwambidwa pang'ono, imene imadulidwa ndi kudyedwa mofanana, ngakhale kuti Msilamu adzafunanso kudziwa mmene ng'ombeyo inaphedwera.

Za kutengera mayi anu ku Blantyre, ndikumvetsa mtima wofuna kuwalawitsa, koma musalongedze musanafunse. Kachilombo koyambitsa chigodola cha nkhumba sikadwalitsa anthu, koma kamatha kukhala ndi moyo kwa miyezi m'nyama youmika ndi mchere, ndipo zotsala zikafika m'khola zikhoza kupha nkhumba zonse, monga alimi a kwathu amadziwira bwino. Spain inalimbana ndi matendawa kuyambira 1960 mpaka 1995, ndipo kumapeto kwa 2025 anapezekanso m'nguluwe za kutchire pafupi ndi Barcelona. N'chifukwa chake mayiko amakhwimitsa malamulo pa nyama ya m'masutikesi, moti mu Epulo 2025 Britain inaletsa apaulendo kulowa ndi nyama yochokera ku European Union, pa nthawiyo poopa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ziweto, ndipo jamón wa m'paketi yotseka analowa m'chiletsocho. Ku Malawi kulowetsa nyama kumayendera chilolezo cha nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto, choncho lemberani nthambiyo kapena funsani ku ofesi ya kazembe ulendo usanakwane, ndipo mufunsenso za dziko limene mudzasinthire ndege ngati mudzatuluke m'bwalo la ndege. Akakulolani, tengani timapaketi ting'onoting'ono totsekedwa ku fakitale, tokhala ndi chizindikiro chozungulira cholembedwa ES, osati wodulidwa pa kauntala, ndipo mukafika muwauze a kunyumba kuti zotsala zisaperekedwe kwa nkhumba.